Mlandu wa Akayesu: Udindo wa Boma Sunamuteteze

Mu 1994, m'masiku pafupifupi 100, Atutsi oposa 500,000 anaphedwa m'dziko la Rwanda. Nthawi imeneyo Jean-Paul Akayesu, yemwe kale anali mphunzitsi, anali mkulu wa boma m'dera la Taba, ndipo apolisi a m'deralo anali m'manja mwake.

Poyamba anayesa kuletsa zigawenga za Interahamwe. Koma atachoka ku msonkhano wa akuluakulu a boma ku Gitarama pa 18 Epulo, anatembenuka. Atutsi osachepera 2,000 anaphedwa ku Taba, ndipo amayi ankagwiriridwa pabwalo la ofesi yake.

Anagwidwa ku Zambia mu 1995. Pa 2 Sepitembala 1998 khoti la United Nations ku Arusha linamupeza wolakwa pa mlandu wofuna kufafaniza mtundu wa anthu. Anamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Iye ankati analibe mphamvu zoletsa kuphana. Oweruza anakana, chifukwa anthu a ku Taba ankamvera mawu ake, ndipo mawuwo ndi amene anawalimbikitsa kupha anzawo. Abale, chigamulochi chikutanthauza kuti mkulu aliyense, ngakhale wa kadera kakang'ono, adzayankha yekha pa zimene analamula.