Ligi tikwera, nanga bwalo lili kuti?

Anthu a m'tauni tikamakamba za mpira timayambira pa Kamuzu Stadium n'kuthera pa Bingu National Stadium, ngati kuti dziko lonse ndi Blantyre ndi Lilongwe basi. Chikhalirecho mpira umene umadzutsa mudzi wonse Lamulungu masana uli m'mabwalo a sukulu ndi a makoleji ang'onoang'ono, kumadera monga kwa Jenala m'boma la Phalombe. Kumeneko magolo ndi milongoti ya bulugama, mizere amathira phulusa ngati laimu wasowa, ndipo mpanda ndi miyendo ya anthu oonerera omwewo. Lero tiyeni tikambe za bwalo lotereli, ndi chimene chimagwera timu yake tsiku limene yachita bwino n'kukwera ligi.

Makwerero ake mukuwadziwa. Timu imayambira m'ligi ya m'boma, ikalimba imalowa m'ligi ya m'chigawo, imene kuno kummwera ili m'manja mwa bungwe la SRFA. Kuyambira mu 2025 bungwe la FAM lidaikapo khwerero lina, ligi ya National Division, yokumanitsa matimu a zigawo zonse. Pamwamba penipeni ndiye pali ligi yaikulu ya matimu 16 yoyendetsedwa ndi Sulom. Khwerero lililonse lili ndi mtengo wake. Ulendo umatalika, osewera amayamba kufunsa za malipiro, ndipo akuluakulu a mpira amabwera ndi pepala lawo kudzayendera bwalo. Amafuna mpanda, zipinda zovalira, zimbudzi, polowera ndi potulukira, ndi njira yoti woimbira mpira athawirepo zinthu zikavuta. Malamulo a laisensi amenewa sitikuwanyoza ayi. Amene akukumbukira anthu 8 amene adafa popondana pa Bingu National Stadium pa 6 July 2017 sanganene kuti chipata ndi nkhani yachibwana.

Koma taonani chimene chimachitika. Timu yakwera, mudzi wavina usiku wonse, mbuzi yaphedwa. Patapita masabata angapo kalata ikubwera yonena kuti bwalo lanu silikuyenera. Ndiye kuti masewero onse amene amatchedwa "apakhomo" mukasewerera kwa eni, pa bwalo lobwereka. Minibasi ya hayala mulipira ngati alendo. Mwini bwalo adula gawo lake pa ndalama za pachipata, apolisi ndi achitetezo alandira zawo, ndipo chotsala sichikwana n'kugulira osewera madzi omwe. Masapota amene amayenda wapansi kapena pa njinga kudzachemerera satha kutsatira timu, ndiye anyamata amasewera pamaso pa anthu osawadziwa ngakhale dzina. Walira mvula walira matope, adatero akuluakulu, koma matope awa ndi ochita kuwaumba ndi manja athu.

Musaganize kuti izi zimagwera amphawi okhaokha. Red Lions ndi timu ya asilikali, ya ku Zomba, mzinda umene udali likulu la dziko lino. Ntchito yomanga bwalo la Zomba itakoka zaka, timuyi idakhala yoyendayenda, pena pa Chiwembe ku Limbe, pena ku Balaka, ndipo mu 2023 idatuluka m'ligi yaikulu. Sitikuti bwalo lokha ndilo lidaigwetsa, mpira uli ndi zifukwa zambiri. Koma ngati timu yokhala ndi galimoto zake ndi malipiro a boma idamva kuwawa kusowa pakhomo, nanga timu ya anyamata a kwa Jenala, imene thumba lake ndi chipewa choyendetsa pa msika, ingapirire masabata angati?

Chitsanzo china chili kuseri kwa phiri komweku. Timu ya FOMO ya ku Mulanje idakwera n'kusewera m'ligi yaikulu mu 2024. Mwayi wake udali wakuti Mulanje Park idalipo kale, tsono matimu akuluakulu adachita kubwera okha ku Mulanje. Amene mumagulitsa malonda mukudziwa tanthauzo la tsiku lotere. Wa chiwaya amatha mbatata dzuwa lisanapendeke, wa kabaza sapuma, mayi wa mandasi ndi nzimbe amabwerera ndi dengu lopanda kanthu. Timuyo idatuluka pakutha pa chaka chomwecho, inde, koma bwalo lidatsala pomwepo, ndipo timu ina ya m'bomalo ikadzakwera idzalipeza. Phalombe idapatuka ku Mulanje n'kukhala boma palokha mu 1998. Zaka zonsezi zapita, funso n'lakuti timu ya ku Phalombe itakwera mawa mpaka pamwamba, Bullets kapena Wanderers tingailandirire pati m'boma lathu lomwe?

Tsono tibwere ku makoleji, poti ambiri mwa inu owerenga tsambali ndinu ophunzira. Timu ya koleji ili ndi zinthu zimene timu ya m'mudzi imangozilota: malo okhala ndi mapepala ake, madzi, magetsi, anyamata ogona pamodzi ndi kudya pamodzi. Koma ilinso ndi nthenda zake ziwiri. Yoyamba, wosewera akangopsa kumene, maphunziro atha, watenga satifiketi yake wapita. Yachiwiri, ligi sidziwa za mayeso kapena tchuthi, ndipo koleji sidaikidwe kuti izilipira ulendo wa ku Karonga. Ife ena amene tidalawako yunivesite n'kuchoka digiri isanapse tikudziwa kuti ndalama ikachepa pa sukulu, choyamba kudulidwa ndi zamasewero. Nkhani ya Mzuni FC ndi umboni. Timu ya yunivesite ya Mzuzu idakwera mpaka m'ligi yaikulu n'kumavutitsa akuluakulu, koma katundu atalemera yunivesite idautula. Timu idasintha dzina kukhala Mzuzu Warriors, ndipo sidakhalitse pamwamba. Ngati yunivesite yathunthu idatopa, koleji yaing'ono isadzinamize.

Ngakhale kwa anzathu olemera matenda ndi omwewa, kusiyana kukula kwa thumba. Ku America, kumene mpira wawo wa m'makoleji uli ndi ndalama zoopsa za wailesi yakanema, mu 2024 mayunivesite a USC ndi UCLA a ku Los Angeles adachoka m'ligi yawo yakale ya Pac-12 n'kulowa ya Big Ten, ndipo ena ambiri adabalalikanso. Ophunzira tsopano amauluka kudutsa dziko lonse kukasewera mpira. Iwo ndege ali nazo. Ife tili ndi minibasi imene imayamba yadzaza kaye ndiye inyamuke.

Ndiye maganizo athu pa tsamba lino ndi awa. Koleji yaing'ono isathamangire kukwera ligi, ithamangire kukhala mwini bwalo labwino. M'boma la Phalombe muli koleji yophunzitsa aphunzitsi ya Phalombe TTC, muli koleji ya anamwino ya Holy Family, muli sukulu za sekondale zogonera ndi zoyendera. Palibe imodzi mwa izi imene payokha ingamange sitediyamu, ndipo palibe akuipempha kutero. Chofunika n'chakuti khonsolo ya boma, mafumu, akuluakulu a sukuluzi ndi komiti ya mpira ya m'boma akhale pansi asankhe malo amodzi, kaya pa boma, kaya ku Migowi, alembe pangano looneka ndi maso: mwini malo ndani, wotchetcha udzu ndani, ndalama za pachipata zigawidwa bwanji, ophunzira asewera masiku ati ndipo matimu a m'midzi masiku ati. Mapangano a pakamwa ndi amene amatha tsiku limene mphunzitsi wamkulu wasamutsidwa, wobwerayo n'kulima chimanga pakati pa bwalo.

Ndipo tisayambe ndi denga la alendo olemekezeka. Matenda athu ndi amenewo, kumanga pokhala bwana pamene pogwera wosewera pali miyala. Choyamba ndi nthaka. Amene mudayendako cha kunyanja ya Chilwa mukudziwa makande a kumeneko: dzinja ndi phala lomata nsapato, chilimwe ang'ambika ming'alu yothyola mwendo. Boma lino lidaona napolo mu 1991, lidaonanso namondwe wa Freddy mu March 2023. Bwalo lopanda ngalande kuno ndi dziwe loyembekeza mvula. Tsono kusalaza, ngalande, kapinga. Malamulo a mpira amalola bwalo lotalika mamita 90 mpaka 120, mulifupi 45 mpaka 90, choncho malo si vuto kumudzi. Chachiwiri ndi mpanda, chifukwa popanda mpanda palibe chipata, ndipo popanda chipata timu idzakhala yopemphetsa mpaka kalekale. Kenako zimbudzi ndi zipinda ziwiri zovalira, zoti ndi atsikana omwe a mpira ndi a ntchemberembaye azivala mwaulemu, osati kuseri kwa kalasi. Zina zonsezo zidzabwera ndi nthawi. Matimu a kwa Jenala akhale ndi bwalo lawo losalala la ligi ya m'boma, ndipo tsiku limene akwera adziwe kuti pakhomo pawo pasunthira pamtunda woti sapota afika pa njinga n'kubwerera kusanade.

Wina anena kuti, a Mkonzi, anthu ali ndi njala, milatho idakokoloka, makalasi alibe madenga, inu mukukamba za kapinga? Funsoli ndi lolemera ndipo sitilipeputsa. Mlatho uyambe ndithu. Koma tiyeni tisanamizane kuti ndalama za mpira kulibe. Chaka cha chisankho chilichonse, ndi 2025 yomwe, timaona zikho za andale zikuphuka ngati bowa. Bonanza uku, bonanza uko, mayunifolomu olembedwa dzina la wopikisana kumsana, envelopu ikuperekedwa pamaso pa makamera. Chisankho chikatha, yunifolomu yasuluka, mpira waphulika, bwalo lili chimodzimodzi mmene lidalili nthawi ya agogo. Ndalama za zikho zitatu zoterezi zikadagula matumba angati a simenti? Palinso thumba la chitukuko cha m'madera la CDF, limene makomiti a chitukuko a m'midzi ali ndi ufulu wolipempha. Achinyamata amene ndi ochuluka pa kaundula wa mavoti sadayambe alowa m'misonkhano ya ADC n'kuika bwalo pa mndandanda. Amadikira phungu abwere ndi mpira m'manja, aombe m'manja, basi.

Nawonso a FAM ndi SRFA ali ndi mbali yawo. Kuyendera bwalo patatsala milungu iwiri kuti ligi iyambe n'kulemba kuti "silikuyenera" ndi ntchito yosavuta. Timu imene ikuoneka kuti ingakwere iuzidwe chaka chisanathe zimene zikusowa, ndipo muyeso wa ligi ya m'chigawo usafanane ndi wa masewero a CAF. Mipikisano monga Castel Challenge Cup, imene idayamba mu 2023, yaonetsa kuti matimu a m'maboma alipo ndipo anthu amawakonda. FAM imalandira thandizo la chitukuko kuchokera ku FIFA, ndipo bwalo la Chiwembe ndi chipatso cha ndalama zotere. Tikupempha kuti pa ndondomeko yotsatira, maboma opanda bwalo lovomerezeka ayambe ndiwo kuonedwa.

Msewu wa tala wochokera ku Zomba kudzera ku Jali mpaka ku Phalombe ndi Chitakale anthu adaudikira zaka zambirimbiri, ndipo ndi umene ungabweretse basi ya timu yaikulu ndi masapota ake m'boma lino. Ophunzira a m'makoleji a ku Phalombe, kudzera m'mabungwe awo, ndi amalonda a pa Migowi ndi pa boma, kudzera m'makomiti a msika, alembe kalata imodzi yopita kwa bwanamkubwa ndi makhansala, yopempha kuti nkhani ya bwalo ilowe pa msonkhano wa khonsolo bajeti ya chaka chamawa isanatsekedwe.