CHENJEZO: Kampani Ikamakula, Musadzaze Ofesi ndi Abwenzi Okhaokha

Chenjezo ili likupita kwa inu amene munayambitsa kampani yopanga mapulogalamu a pakompyuta kapena a pafoni ndipo yayamba kukula. Likupitanso kwa inu amene mukufuna ntchito m'makampani otere, ndi inu amene mumasungitsa ndalama zanu m'manja mwawo. Kampani imakhala pangozi yaikulu pamene makasitomala achuluka ndipo ndalama zayamba kulowa, koma oyendetsa akadali omwe aja munayamba nawo m'kachipinda kamodzi: mnzanu wa ku koleji, mlamu wanu, bwenzi lanu. Onsewo angakhale anzeru ndi akhama. Koma ngati pakati pawo palibe amene analembedwa kuti azikukanizani, aziwerengera ndalama ndi kufunsa mafunso owawa, kampaniyo ingagwe tsiku lililonse, ndipo ikamagwa imagwera anthu osalakwa.

Zimene zinachitika ku FTX

FTX inali kampani yogulirapo ndi kugulitsirapo ndalama za pa intaneti zotchedwa cryptocurrency. Inayamba mu 2019, eni ake anali Sam Bankman-Fried ndi Gary Wang, ndipo mu 2021 inasamuka ku Hong Kong kupita ku Bahamas. Pofika Januwale 2022 mtengo wake unkaikidwa pa madola 32 biliyoni. Pa 11 Novembala chaka chomwecho inalengeza kuti yagwa, ndipo zinadziwika kuti ndalama za makasitomala pafupifupi madola 8 biliyoni zinali zitasowa.

Taonani anthu amene ankaiyendetsa. Wang anadziwana ndi Bankman-Fried akadali anyamata, ndipo anadzakhalanso limodzi ku yunivesite ya MIT. Nishad Singh, mkulu wa mainjiniya, anali mnzake wa mng'ono wake wa Bankman-Fried. Caroline Ellison, amene ankayendetsa kampani ina ya Bankman-Fried yotchedwa Alameda Research, anakhalapo pachibwenzi ndi bwana wakeyo. Anthuwa ankagona nyumba imodzi ku Bahamas, kudyera limodzi ndi kupanga ziganizo za ndalama za anthu ambirimbiri paokha. Masamu ankawadziwa, mapulogalamu ankawalemba bwino. Chimene chinasowa ndi munthu wamphamvu wochokera kunja kwa gulu lawo.

Kampaniyo itagwa inaperekedwa m'manja mwa John J. Ray III, loya amene anayang'anirapo kutsekedwa kwa kampani ya Enron. Iye anauza khoti kuti pa zaka zake zonse za ntchito anali asanaonepo kampani yopanda dongosolo ngati imeneyi. Inalibe nthambi yakeyake yowerengera ndalama. Inalibe mndandanda wolondola wa maakaunti ake a kubanki, ngakhale mndandanda wathunthu wa antchito ake. Makampani ambiri a m'gululo sankachita misonkhano ya bodi. Wantchito akafuna ndalama ankalemba pa macheza a pa intaneti, bwana n'kuvomereza pongotumiza kachithunzi ka emoji. Mu Disembala 2022 Ray anauzanso aphungu a Nyumba ya Malamulo ya ku America kuti kampani ya mabiliyoniyo inkagwiritsa ntchito QuickBooks, pulogalamu yopangidwira mabizinesi ang'onoang'ono.

Choopsa kwambiri chinali mkati mwa pulogalamu yeniyeniyo. Wang anavomera m'khoti kuti analemba malamulo apadera olola Alameda kutapa ndalama ku FTX ngakhale akaunti yake ilibe kanthu. Makasitomala sankadziwa, antchito ambiri sankadziwanso. Anthu ochepa okhulupirirana ndiwo anali ndi makiyi, ndipo panalibe wowayang'ana. Bankman-Fried anapezeka wolakwa mu Novembala 2023, ndipo mu Malichi 2024 analamulidwa kukhala m'ndende zaka 25. Ellison anapatsidwa zaka ziwiri. Wang, Singh ndi Ellison onse anaperekera umboni wotsutsa mnzawoyo. Ubwenzi umene ankaudalira sunateteze kampani, sunateteze makasitomala, ndipo pomaliza sunawateteze eni akewo.

Motowo unafika mpaka kuno ku Africa. Kampani ya ku Nigeria yotchedwa Nestcoin inachotsa antchito mu Novembala 2022 chifukwa ndalama zake zinatsekeredwa ku FTX. Ngakhale akatswiri ananyengeka: thumba la penshoni la aphunzitsi a ku Ontario ku Canada linataya madola 95 miliyoni, ndipo kampani yoika chuma ya ku Singapore yotchedwa Temasek inataya madola 275 miliyoni.

Mayina otchuka sateteza

Wina anganene kuti mankhwala a vutoli ndi kuika anthu olemekezeka mu bodi. Kampani ya Theranos, imene inkanena kuti ingayeze matenda ambiri ndi kadontho ka magazi, inali ndi bodi yodzaza ndi akuluakulu monga Henry Kissinger, George Shultz ndi James Mattis. Ambiri mwa iwo sanali akatswiri a zoyeza magazi, choncho sakanatha kuona kuti makina ake sankagwira ntchito monga momwe eni ake ankanenera. Amene anaona vutolo anali antchito achinyamata, Erika Cheung ndi Tyler Shultz, mdzukulu wa George Shultz yemweyo. M'malo mowamvera, kampani inawatumizira maloya. Theranos inatsekedwa mu 2018, ndipo mwini wake Elizabeth Holmes analamulidwa mu 2022 kukhala m'ndende zaka zoposa 11. Akuluakulu athu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Kampani imene imathamangitsa wotsina khutu imatsala ndi anthu ongovomereza.

Kwa ife a ku Malawi nkhani yotere si yachilendo. Mu Cashgate ya 2013 ndalama za boma zinatuluka kudzera m'dongosolo la pakompyuta la IFMIS, ndipo zolembedwa zina zinkafufutidwa ndalama zikatuluka. Pamene wolowetsa, wovomereza ndi wofufuta ali munthu mmodzi, kapena anthu a gulu limodzi, kompyuta siletsa kuba. Izi zimachitika m'boma, ndipo zingachitikenso m'kampani ya anthu khumi ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Lusaka.

Kwa inu eni makampani

Choyamba, lembani akauntanti wodziwa ntchito musanalembe wolemba mapulogalamu wina. Ku Malawi funsani ngati ali membala wa bungwe la maakauntanti la ICAM, ku Zambia wa ZICA. Ngati simungakwanitse malipiro ake a mwezi wathunthu, azibwera masiku angapo pamwezi, koma mabuku akhale m'manja mwa munthu amene sakuopani.

Chachiwiri, gawani mphamvu. Wopempha ndalama asakhale wovomereza. Wolemba pulogalamu asaiike yekha pamene makasitomala akugwiritsa ntchito mnzake asanaiwerenge. Pasiwedi ya ku banki ndi ya kompyuta yaikulu yosunga zinthu za kampani zisakhale m'mutu mwa munthu mmodzi. Ndalama za makasitomala zikhale mu akaunti yawoyawo, kutali ndi zolipirira lendi ndi malipiro.

Chachitatu, mu bodi muikemo munthu mmodzi kapena awiri amene si abale anu, si anzanu, ndipo akuidziwa ntchito imene mukugwira. Azikumana nthawi yoikika, ndipo zokambirana zizilembedwa.

Chachinayi, wachibale kapena mnzanu angalembedwe ntchito, koma adutse pakhomo lomwe ena akudutsa: ayesedwe, afunsidwe, asaine kontrakiti, ndipo bwana wake asakhale inuyo. Musanamulembe dzifunseni ngati mungathe kumuchotsa atalakwa. Ngati yankho likuvuta chifukwa cha zimene zidzanenedwe kumudzi kapena kumpingo, musamulembe.

Chachisanu, musalembe anthu ambiri chifukwa choti ndalama za oika chuma zalowa. Munthu aliyense mukumulemba ali ndi banja kumbuyo kwake. Lembani amene mungathe kumulipira mwezi ndi mwezi, kumudulira msonkho wa PAYE wopita ku MRA ndi kumuperekera penshoni monga lamulo likunenera. Imbirani foni kumene ankagwira kale, ndipo onani zikalata zake zenizeni.

Chachisanu ndi chimodzi, tsegulani njira yoti wantchito wamng'ono athe kunena cholakwika popanda kuopa kuchotsedwa. Nthawi zambiri woyamba kuona vuto ndi amene amayankha madandaulo a makasitomala kapena amene wangolowa kumene ntchito.

Kwa inu ofuna ntchito

Pofunsidwa mafunso, inunso funsani. Ndani amasunga mabuku a ndalama? Kodi bodi ilipo? Kodi kontrakiti mudzasaina liti? Mukaona kuti maudindo onse akuluakulu ali m'manja mwa banja limodzi kapena gulu limodzi la abwenzi, malipiro akubwera kuchokera pa nambala ya foni ya bwana, ndipo wofunsa mafunso amatchedwa wosakhulupirika, samalani. Bwana akakuuzani kuti musinthe manambala, mufufute zolembedwa kapena mutsegule kanjira kobisika m'pulogalamu, kanani. Singh ndi Wang anali mainjiniya, koma onse anavomera milandu m'khoti. Mawu akuti "abwana ndiwo anandituma" sadzakupulumutsani.

Kwa inu osungitsa ndalama

Pulogalamu yokongola pafoni ndiponso nkhope ya munthu wotchuka pa chikwangwani si umboni woti ndalama zanu n'zotetezeka. FTX inkalengezedwa ndi akatswiri a masewera ndipo dzina lake linali pa bwalo lalikulu la masewera ku Miami. Musanaikemo ndalama funsani ngati kampaniyo inalembetsedwa, ngati ili ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi kapena Bank of Zambia pamene ikugwira ndalama za anthu, ndiponso ngati mabuku ake amafufuzidwa ndi anthu akunja. Kampani yoona siikwiya ndi mafunso amenewa.

Achinyamata athu ali ndi luso, ndipo tikufuna makampani awo akule, alembe anzawo ntchito ndi kukhalitsa. N'chifukwa chake tikuchenjeza lero, zinthu zisanaipe. Inu amene muli ndi kampani, sabata ino lembani mayina a onse amene angathe kutulutsa ndalama kapena kusintha pulogalamu, ndipo pambali pa dzina lililonse mulembe amene amamuyang'ana. Pamene papezeke mpata wopanda dzina, ngakhale pambali pa dzina lanu lomwe, pezani munthu woyenera msanga, ndipo mumupatse mphamvu zokukanizani.