TB yosamva mankhwala: tisamusiye wodwala pakati pa ulendo



Minibasi zochokera ku Limbe zikaima pa Ginnery Corner, ambiri otsika amalunjika ku chipatala cha Queen Elizabeth, chimene makolo athu amachitcha Gulupu. Ena mwa iwo akudwala chifuwa chachikulu, TB. Sabata ino tilingalire za mtundu wa nthendayi umene ukudetsa nkhawa madokotala padziko lonse: TB yosamva mankhwala.

TB wamba imachizika. Wodwala amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6, ndipo m'zipatala za boma mankhwalawa ndi aulere. Koma pakapita milungu yochepa kutsokomola kumachepa, thupi limabwerera, munthu nkuganiza kuti wachira. Akayamba kudukiza, tizilombo tolimba timapulumuka ndi kuchulukana, mpaka mankhwala awiri amphamvu kwambiri, rifampicin ndi isoniazid, amaleka kugwira ntchito. Choopsa nchakuti wodwala wotere akamatsokomola m'nyumba kapena m'minibasi yotseka mawindo, mnzake angathe kutenga TB yosamva mankhwalayo ngakhale iye sanadwalepo TB chibadwire.

Nkhaniyi si yakutali. Mu 2006 madokotala a ku Tugela Ferry ku South Africa, dziko limene abale athu ambiri amakagwirako ntchito, adalengeza kuti mwa odwala 53 amene TB yawo inkakana mankhwala pafupifupi onse, 52 adamwalira. Bungwe la WHO lidati mu 2023 anthu pafupifupi 400,000 adadwala TB yosamva mankhwala, ndipo awiri okha mwa asanu alionse ndiwo adalandira chithandizo.

Chiyembekezo chilipo. Makina a GeneXpert, amene WHO idawavomereza mu 2010, amayeza makhololo ndi kuonetsa m'maola awiri ngati tizilombo tikukana rifampicin. Kale wodwala ankavutika miyezi 18 mpaka 24 ndi majakisoni amene ena ankagontha nawo makutu; mu 2022 WHO idavomereza mankhwala akumwa okhaokha a miyezi 6. Komabe mankhwala, ngakhale abwino chotani, sachiza munthu amene wawasiya.

Nkosavuta kuloza chala wodukiza mankhwala ndi kumutcha wosasamala. Koma tifunse: adadya chiyani m'mawa asanamwe mapiritsiwo? Ndalama yokwerera minibasi kuchokera ku Bangwe kapena ku Ndirande aitenga kuti, pamene ganyu adasiya chifukwa cha kufooka? Nanga amene amabisa mankhwala poopa kunenedwa kuti ali ndi kachilombo, adamuchititsa manyazi ndani? Ndife tomwe, ndi manong'onong'o athu. Ena amauzidwanso kuti apemphereredwa, choncho ataye mankhwala. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana, ndipo wouza wodwala kuti asiye mankhwala akuika pachiswe moyo wake ndi wa banja lake lonse.

Nchifukwa chake kuyendera odwala kusakhale kwa tsiku limodzi lokha, kukapereka shuga ndi sopo nkubwerako. M'miphakati mwathu tisankhane kuti wodwala TB aliyense akhale ndi mnzake womukumbutsa mankhwala, womuperekeza tsiku lokaonana ndi adokotala, womubweretsera ufa wa phala kufikira mwezi womaliza. Amene watsokomola milungu iwiri, akuwonda, akutuluka thukuta usiku, timuperekeze akayezetse makhololo. Tikakwera minibasi, titsekule mawindo.

Miyezi 6 ndi yaitali kwa munthu amene ali yekha. Tiyeni tiyende naye mpaka adokotala atanena okha kuti wachira.