Mayeso a mphindi zisanu ndi thumba la kholo



Chaka chilichonse, mu Januwale ndi mu Febuluwale, achinyamata mazanamazana a zaka 17 ndi 18 amakhamukira m'mizinda ya New York, Chicago ndi Los Angeles ku America. Onse ali m'kalasi yomaliza ya sekondale, ndipo akufuna malo ku koleji kuti akaphunzire zisudzo zimene kumeneko amazitcha musical theatre, sewero limene ochita ake amalankhula, kuimba ndi kuvina m'nkhani imodzi yomweyo. Makoleji oposa 20 amagwirizana kutumiza aphunzitsi awo pamalo amodzi kuti akayese anawa, ndipo msonkhanowu amautcha National Unified Auditions. Ku Chicago umachitikira mu hotela ya Palmer House. Mwana amadikira panja pa chitseko atanyamula mapepala a nyimbo, nsapato zovinira ndi chithunzi chake. Dzina lake likaitanidwa amalowa m'chipinda momwe muli aphunzitsi awiri kapena atatu, n'kuimba zidutswa za nyimbo ziwiri, kenako n'kulankhula yekha mawu a m'sewero amene analoweza. Kawirikawiri zonsezi zimangotenga mphindi zisanu, zikachuluka khumi. Kuvina amayesedwa pagulu, pa nthawi yakeyake.

Za malamulo a nyimbo ndi magule, masheikh athu ali ndi malo awo oziphunzitsira, ndipo sindizilowa pano. Chimene chandikoka pa nkhaniyi ndi funso limene limakhudza mphunzitsi ndi kholo aliyense: mayeso akamati akuyesa luso la mwana, kodi akuyesadi chiyani? Maganizo anga ndi akuti mphindi zisanu zimenezi zimayesa zinthu ziwiri nthawi imodzi, luso la mwana ndi thumba la kholo lake, ndipo si chilungamo kuti zotsatira zake tizizitcha luso lokha.

Kuti timvetse, tiyambire pamene ulendowu umayambira. Sukulu za ku America zimatsekera tchuthi chachitali kuyambira Juni mpaka Ogasiti, yomwe kwa iwo ndi nyengo yotentha. Pa tchuthi chimenechi mayunivesite ndi mabungwe ena amatsegula maphunziro ogonera konko a ana a sekondale. Ena mwa maphunzirowa ndi akalekale. Interlochen, m'chigawo cha Michigan, inayamba mu 1928 ngati malo ophunzitsira ana kuimba ndi zida, ndipo pambuyo pake inawonjezera zisudzo. Yunivesite ya Northwestern, kufupi ndi Chicago, inayamba kulandira ana a sekondale pa tchuthi mu 1931. Ku Carnegie Mellon, mumzinda wa Pittsburgh, ana amakhalako milungu isanu ndi umodzi, pamene ku yunivesite ya Michigan, pa maphunziro otchedwa MPulse, amakhalako milungu itatu. Tsiku limakhala lodzaza ndi makalasi a kuvina, a kasamalidwe ka mawu ndi a zisudzo, ndipo madzulo amabwereza zimene aphunzira. Malo ambiri otere samangolandira aliyense. Mwana amayamba watumiza vidiyo yoonetsa luso lake kuti asankhidwe.

Tchuthi chikatha pamabwera sefa woyamba. Kuyambira Sepitembala mpaka Disembala mwana amajambula mavidiyo ndi kuwatumiza pa intaneti ku koleji iliyonse imene akuifuna. Nyimbo iliyonse imakhala ya masekondi 60 mpaka 90, ndipo makoleji ambiri amafuna kuti imodzi ikhale yakale, yolembedwa chaka cha 1970 chisanafike. Kale koleji iliyonse inali ndi malamulo akeake a mavidiyowa, mpaka mu 2019 pamene ambiri anagwirizana za muyeso umodzi mothandizidwa ndi nyumba ya zisudzo ya Paper Mill Playhouse ya ku New Jersey. Amene wadutsa pa sefayu ndiye amaitanidwa kukaonekera pamaso pa aphunzitsi. Pamwamba pa izi magiredi ake a m'kalasi ayeneranso kukwanira. Mayankho amatuluka cha mu Malichi ndi Epulo, ndipo pofika pa 1 Meyi mwana ayenera kukhala atasankha kolowera.

Malo ndi ochepa kwambiri. Carnegie Mellon, imene sukulu yake ya zisudzo inayamba mu 1914, yunivesite ya Michigan, ndi sukulu ya nyimbo ya yunivesite ya Cincinnati, imene inayambitsa digiri ya musical theatre mu 1968, iliyonse imatenga ana osafika 30 pachaka, pamene olembera amakhala mazanamazana. N'chifukwa chake mwana mmodzi amalembera makoleji 10, 15, kapena kupitirira apo, poopa kutsala chimanjamanja.

Ndisanadzudzule, ndinene zabwino zimene zilipo, chifukwa zilipodi. Aliyense amene amaganiza kuti zisudzo ndi masewera a ana aone ndondomeko ya tsiku limodzi la maphunzirowa. Mwana amaphunzira kufika pa nthawi yake, kuloweza, kubwereza mzere umodzi kambirimbiri, ndi kudzudzulidwa pamaso pa anzake popanda kukwiya. Amaphunzira kusamala mawu ake kuti asasase, chifukwa ku Broadway, dera la nyumba zikuluzikulu za zisudzo ku New York, sewero limaonetsedwa kasanu ndi katatu pa mlungu. Chinanso chachikulu n'chakuti mwana amadziyesa yekha. Kwawo anali katswiri wa sukulu yonse, koma kuno wapeza anzake ambiri oimba ngati iye, ena omuposa. Wina amabwerera ali ndi khama latsopano, wina amazindikira kuti moyo umenewu si wake. Kuzindikira zimenezi pa milungu itatu n'kwabwino kusiyana ndi kuzizindikira atalipira kale zaka zinayi za ku koleji.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Maphunziro a pa tchuthiwa amalipitsa madola masauzande angapo, ndipo ena a milungu isanu ndi umodzi amapitirira madola 10,000. Makolo ambiri amalembanso aphunzitsi apadera olipidwa pa ola, wina wa kuimba, wina wa kuvina, wina womuthandiza mwana kusankha nyimbo ndi mawu a m'sewero. Kalata iliyonse yofunsira malo ili ndi fizi yake, ndipo makoleji ambiri amalipitsanso kuti aonere vidiyo ija. Chithunzi chimajambulidwa ndi katswiri. Kenako pamabwera matikiti a ndege a mwana ndi kholo, hotela ndi chakudya, m'nyengo yozizira kwambiri. Banja limatha ndalama zonsezi mwana asanalonjezedwe malo alionse.

Tsono taganizirani ana awiri a mphatso yofanana. Woyamba wapita ku maphunziro a pa tchuthi zaka ziwiri zotsatizana. Akudziwa nyimbo zimene aphunzitsi atopa nazo chifukwa aliyense amaziimba. Akudziwa kudula nyimbo kuti ikwane pa sekondi 90 popanda kutaya pokoma pake. Akudziwa kulankhula ndi woimba piyano amene sanamuonepo, kumuuza liwiro la nyimbo m'mawu ochepa. Waimapo kale pamaso pa aphunzitsi a ku koleji, mwina ena mwa omwewo amene akumuyesa lero. Wachiwiri anatha tchuthi chake akugulitsa m'sitolo kuti athandize pakhomo. Mawu ake ndi okoma chimodzimodzi, koma wasankha nyimbo yosayenera, miyendo ikunjenjemera, ndipo sanayambe walowapo m'kalasi ya kuvina. Aphunzitsi ali ndi mphindi zisanu zokha. Chimene adzaone mwa woyamba ndi kumasuka, ndipo pa pepala adzalemba kuti ndi waluso. Sananame, koma gawo lalikulu la kumasuka kumeneko linagulidwa.

Oikira kumbuyo dongosololi ali ndi mayankho awo, ndipo ndi oyenera kuwamva. Amati makoleji amanena poyera kuti kupita ku maphunziro awo a pa tchuthi si lamulo, ndiponso si lonjezo la malo. Amati pali thandizo la fizi kwa ana ochokera m'mabanja osowa, ndipo ena amakhululukiridwa ndalama zolembetsera. Zonsezi n'zoona. Koma thandizo limenelo silikwanira onse olifuna, ndipo kuti mwana alipemphe ayenera kudziwa kaye kuti lilipo. Mwana amene sukulu yake ilibe mphunzitsi wa zisudzo, ndani amuuze kuti mavidiyo amatumizidwa Disembala asanathe? Ambiri otere sagwa mayeso, chifukwa safika n'komwe pakhomo pa chipinda choyesera.

Ena amati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa, ndipo amatchula Eva Noblezada. Mu 2013, ali ndi zaka 17, mtsikanayu anaimba pa mpikisano wa ana a sekondale wa dziko lonse wotchedwa Jimmy Awards, umene unayamba mu 2009 ndipo umachitikira ku New York. Wofufuza ochita zisudzo anamuona, ndipo mu 2014 anali atayamba kale kusewera gawo lalikulu mu sewero la Miss Saigon ku London, asanapite ku koleji iliyonse. Nkhani yake ndi yosangalatsa, koma tiione bwino. Iye amaphunzira pa Northwest School of the Arts mumzinda wa Charlotte, sukulu ya boma imene imaphunzitsa zaluso tsiku ndi tsiku. Khama analidi nalo, koma analinso ndi aphunzitsi amene analiwongola. Kwa ine nkhani yake ikungotsimikiza kuti maphunziro amene ena amagula pa tchuthi akaperekedwa m'sukulu ya boma, mwana wamba amafika patali.

Thumba la kholo limayesedwanso mwana akapeza malo. Mayunivesite otchuka omwe si aboma, monga Carnegie Mellon ndi New York University, amadya madola oposa 80,000 pachaka mukaphatikiza malo ogona ndi chakudya, kwa amene sanalandire thandizo. Akamaliza, ntchito siimudikira. Ku Broadway kuli nyumba za zisudzo 41 zokha, ndipo pa mlungu uliwonse mamembala ambiri a Actors' Equity Association, bungwe la ochita zisudzo limene linakhazikitsidwa mu 1913, sakhala ali pa ntchito ya pasiteji. Pa 12 Malichi 2020 nyumba zonsezo zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo panatha chaka choposa chimodzi zisanatsegulidwe. Mwana wa banja lopeza bwino angathe kudikira zaka zingapo akuyesa mwayi. Mnzake wa ngongole ya sukulu amasiya msanga n'kukafuna ntchito ina, ndipo anthu amadzati analibe luso lokwanira.

Kodi angachite chiyani makolejiwo? Mliri uja unawaphunzitsa kale chinthu chimodzi. M'nyengo ya mayeso ya 2020 ndi 2021 ana anayesedwa kudzera pa Zoom ali kwawo, ndipo makalasi anadzazabe. Njira imeneyi iyenera kukhalapo nthawi zonse, ndipo woisankha asamaonedwe ngati wotsalira. Ndalama zoonerera vidiyo ya masekondi 90 zichotsedwe. Aphunzitsi a m'makoleji azipita okha ku masekondale a m'madera osauka kukafufuza ana, monga mmene ofufuza osewera mpira amachitira. Ndipo m'chipinda choyesera muja, chimene chiyenera kulemera kwambiri ndi mmene mwana amasinthira akalangizidwa. Aphunzitsi ena amachita kale zimenezi: amamuuza mwana kuti aimbenso mwanjira ina, n'kuona ngati wamva. Kumva malangizo ndi kusintha pompo kumaonetsa mwana wophunzitsika, ndipo n'kovuta kukugula kusiyana ndi nyimbo yokonzedwa miyezi isanu ndi umodzi.

America ili kutali, ndipo ambiri mwa ana athu sadzalowa mu hotela ya Palmer House. Koma mayeso osankhira ochepa pakati pa ambiri timawadziwa bwino. Nafenso malo a ku mayunivesite aboma ndi ochepa poyerekeza ndi okhoza MSCE, ndipo nafenso pa tchuthi pali mwana amene amalipiriridwa maphunziro apadera, pamene mnzake ali kumunda kapena pamsika. Zotsatira zikatuluka timangowerenga mapointi, osafunsa kuti ndani anali ndi mabuku ndi nyale yowerengera usiku.

Choncho inu ophunzira, amene mwasankhidwa pa chilichonse, kondwerani, koma kumbukirani anthu amene anakulipirirani ndi kukuphunzitsani, ndipo musanyoze mnzanu amene watsala. Amene simunasankhidwe, musathamangire kunena kuti mulibe mphatso. Funsani kaye chimene anzanu anaphunzitsidwa chimene inu simunachipeze, ndipo mukachifunefune kwa aphunzitsi anu. Inu makolo, polipira maphunziro a pa tchuthi funsani kuti aphunzitse ndani, aphunzitsa chiyani, ndipo m'kalasi mukhala ana angati. Amene akukulonjezani malo kapena mapointi m'malo mokuyankhani mafunso amenewa, musamupatse ndalama zanu. Ndipo kwa inu akuluakulu a komiti, pempho langa ndi lakuti tchuthi chikudzachi chisanafike tikhale pansi ndi aphunzitsi a makalasi a mayeso, tilembe mayina a ana amene sangathe kulipira maphunziro apadera, ndipo tipeze njira yoti nawonso akhale nawo m'kalasimo kuyambira tsiku loyamba.