Pulinta yanu sinalodzedwe, yangosintha adiresi

Lero ndabwera ndi nkhani yomwe ena muiona ngati yaing'ono, koma ine inandisowetsa tulo masiku atatu ndipo inatsala pang'ono kundidanitsa ndi anzanga a ku ntchito. Ndi nkhani ya pulinta. Sabata yathayi aphunzitsi ena a pa sukulu yoyandikana nafe anandiimbira foni kuti pulinta yawo yafa, ndipo akufuna kuikweza galimoto kupita nayo ku Blantyre. Nditawafunsa mafunso awiri atatu, ndinazindikira kuti matenda ake ndi omwe aja anatizunza ife mu 2022.

Ife amene tinaphunzira sekondale m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira mayeso a sitensulo, aja ankapukusidwa pa makina a inki, pepala lina n'kutuluka lakuda bii, lina losawerengeka. Nditayamba kuphunzitsa, nthawi zambiri tinkangolemba mafunso pa bolodi. Amene anayesapo kujambula mapu a Malawi pa bolodi ana 80 akudikira ndi zolembera m'manja akudziwa chomwe ndikunena. Kenako kunabwera malo opulintitsa a malonda. Anatithandiza ndithu, koma fulashi inkabwerako ndi mavairasi, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti pepala la mayeso linkatsala mu kompyuta ya munthu wina, pamalo pomwe ana a sukulu amalowa ndi kutuluka tsiku lonse.

N'chifukwa chake ine ndi anzanga awiri tinasonkherana ndalama n'kugula pulinta ya laser yolumikizika pa WiFi. Tinagula kwacha itangotsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiye mungathe kuona mmene m'thumba munawawira. Tinagwirizana kuti izikhala kunyumba kwanga chifukwa ndine ndinali ndi rauta, ndipo nyumba zathu za aphunzitsi n'zoyandikana moti netiweki imafika pa khonde la mnzanga. Sabata yoyamba zonse zinayenda bwino. Mnzanga wa Biology ankatumiza pepala ali pa khonde pake, ine n'kumva makina akulira kuno.

Mukukumbukira kuti mu Januwale chaka chomwecho namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse. Madzulo ena, kutatsala masiku asanu kuti mayeso a kumapeto kwa teremu ayambe, magetsi anayaka koma pulinta inakana. Nyale yake inali yobiriwira, mapepala analimo, koma malaputopu onse atatu ankati "Offline". Tinazimitsa, tinayatsa, osatheka. Mnzanga wa Biology anatumiza pepala lake kanayi konse poganiza kuti mwina ulendo uno zitheka.

Tsiku lachiwiri mawu anayamba kulimba. "Achimwene, apa tinagula chakufa. Inu ndi amene munasankha, ndiye mubwerere nacho," anatero mnzanga wina, akuseka koma mumtima mulibe chiseko. Winayo anati mwina pali amene waichitira nsanje n'kuilodza. Inu mukudziwa kuti kuchoka kuno ku Neno kukafika ku Blantyre si nkhani yamasewera. Utsike mapiri, ukafike pa Zalewa, ndalama ya mayendedwe kupita ndi kubwera, tsiku lathunthu ana osaphunzira, ndiponso katundu wagwedezeka njira yonse.

Tsiku lachitatu ndinakhala pansi ndi kabuku kake kaja kamene tonse timataya. Ndinapeza kuti pulinta imatha kusindikiza yokha tsamba lofotokoza za netiweki yake. Pa tsambalo panalembedwa kuti adiresi yake ndi 192.168.1.107. Nditayang'ana mu laputopu, ndinapeza kuti iyo ikutumiza ntchito ku 192.168.1.104. Vuto lonse linali pamenepa basi. Pulinta inali yamoyo, koma ife tinkagogoda pa khomo lomwe inasamukapo.

Ndifotokoze monga ndimachitira m'kalasi. Chipangizo chilichonse chikalowa pa WiFi, rauta imachipatsa nambala yotchedwa IP address. Dongosolo logawa manambalawa limatchedwa DHCP, ndipo nambalayo ndi yobwereka, si ya muyaya. Zili ngati kalasi yomwe madesiki ake alibe eni, wofika msanga amakhala pomwe wapeza. Magetsi akazima, marauta ambiri ang'onoang'ono amaiwala kuti uyu anakhala pati. Akayaka, mafoni a m'nyumba amathamangira kulowa, ndipo pulinta, yomwe timaiyatsa mochedwa, imapeza desiki yake yatengedwa n'kupatsidwa ina. Laputopu siidziwa zimenezi, imangopitiriza kuitana pa desiki yakale. Kumene magetsi sazimazima vutoli limatha miyezi osaoneka, koma kwathu kuno limabwera kawirikawiri.

Mankhwala ake ndi kupatsa pulinta desiki yakeyake. Pa tsamba lomwe lija pamakhala nambala ina yotchedwa MAC address, yomwe ili ngati dzina la pa kaundula, silisintha. Tsegulani browser, lembani adiresi ya rauta yanu, yomwe imalembedwa pa kapepala ka pansi pake. Nthawi zambiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo pa ma MiFi ambiri ndi 192.168.8.1. Mukalowa, funani gawo la DHCP, pomwe pali mawu ngati "Address Reservation" kapena "Static Lease", ndipo muuze rauta kuti MAC yakutiyakuti izilandira nambala imodzimodzi nthawi zonse. Rauta yanu ikakhala kuti ilibe gawo limeneli, lembani nambala yokhazikika mu pulinta momwemo, koma musankhe yomwe ili kunja kwa manambala amene rauta imagawa, kuti zipangizo ziwiri zisalimbirane desiki imodzi. Mukatero, pa Windows pitani ku "Printer properties", kenako "Ports", n'kukonza adiresi. Ine zonsezi zinanditengera mphindi 20. Chikhalireni pulinta ija sinasocherenso.

Koma chomwe chinachitika itangodzuka ndi chimene chinandiphunzitsa kwambiri. Ndinakonza laputopu ya mnzanga wa Biology ndili pa khonde pake, ndipo ntchito zonse zija anatumiza kanayi zinali zikudikirabe pa mzere. Nthawi yomweyo pulinta inayamba kulavula pepala la mayeso a Fomu 3 m'nyumba mwanga. Amene anali pafupi ndi mwana wa mchemwali wanga yemwe ndimakhala naye, ndipo chaka chimenecho anali mu Fomu 3. Anabwera akuthamanga ndi mapepala m'manja, nati, "Amalume, yayamba kugwira!" Mwanayo ndi wokhulupirika, koma maso alibe mpanda. Tinachita kukhala usiku wonse kupeka mafunso ena atsopano. Choncho musanakonze kalikonse, yambani mwafufuta ntchito zomwe zili pa mzere. Ndipo pepala la mayeso musalitumize ngati simuli pafupi ndi pulinta inu mwini.

Pali zina zomwe ndaphunzira m'zaka zimenezi pothandiza anzanga. Choyamba, mapulinta ambiri otsika mtengo amamva WiFi ya 2.4 GHz yokha, samva ya 5 GHz, ndiye ngati pulinta siikuona n'komwe dzina la netiweki yanu, yang'anani ngati 2.4 GHz ndi yoyatsa pa rauta. Chachiwiri, netiweki ya alendo, ija amati "Guest", inapangidwa dala kuti zipangizo zisaonane, choncho amene walowera kumeneko sangapulinte. Chachitatu, mukaona adiresi ya pulinta ikuyamba ndi 169.254, dziwani kuti sinalandire nambala kuchokera kwa rauta, mwina pasiwedi inalakwika kapena ili patali. Njira yachidule yodziwira kumene kuli vuto ndi kulemba adiresi ya pulinta mu browser. Tsamba lake likatseguka, msewu uli bwino ndipo vuto lili mu kompyuta. Likakana, bwererani ku rauta.

Chinanso chomwe ambiri sakhulupirira ndikawauza n'chakuti kupulinta pa WiFi ya m'nyumba sikufuna bandulo. Pepala limachoka mu laputopu, kudutsa pa rauta, kukafika ku pulinta, osatuluka kunja kwa mpanda. Ndinaonapo munthu akugula bandulo ya intaneti kuti pulinta igwire, ndalama n'kupita pachabe. Ngakhale foni imapulinta popanda bandulo ikakhala pa netiweki imodzi ndi pulinta yoyenera. Ma iPhone ali ndi AirPrint kuyambira 2010, ndipo mafoni a Android amagwiritsa ntchito njira ya Mopria, bungwe lomwe makampani a Canon, HP, Samsung ndi Xerox anakhazikitsa mu 2013. Chenjezo langa lomaliza ndi la magetsi. Pulinta ya laser imatenthetsa toner kuti imatirire pa pepala, ndipo potero imakoka mawati mazana angapo. Musailumikize ku ka inveta kakang'ono ka sola kapena ku UPS ya kompyuta, mutha kuononga zipangizozo.

Tsopano maganizo anga ndi awa. Ife aphunzitsi tiyenera kusiya kuopa zipangizo zimenezi, ndipo tiyenera kuphunzitsa ana kuzikonza. Neno inakhala boma palokha mu 2003 itachoka ku Mwanza, ndipo kuchokera nthawi imeneyo makompyuta afika m'maofesi, m'zipatala ndi m'sukulu zina. Koma kakangovuta kanthu kakang'ono, tonse timayang'ana ku Blantyre. Ndalowapo m'maofesi momwe pulinta yabwinobwino yaphimbidwa ndi nsalu kwa miyezi, akuti tikudikira akatswiri. Ndikukhulupirira kuti zina mwa izo zinangosintha adiresi ngati yathu ija. Mwana amene akulemba Computer Studies pa MSCE atha kukuuzani tanthauzo la netiweki mosaphonya liwu, koma mutamupatsa rauta ndi pulinta kuti azilumikize, angaime ngati mlendo pa mphambano. Si vuto lake. Sitinamupatsepo mwayi wogwira.

Mwina wina anena kuti, aphunzitsi, bwanji osangolumikiza waya wa USB n'kusiya mavuto onsewa? Ndikuvomereza. Ngati muli nokha ndi kompyuta imodzi, gwiritsani waya, musadzivute. Ngakhale ife, pulinta ikanakhala ndi polowetsa waya wa Ethernet tikanailumikiza ku rauta ndi waya, chifukwa waya sutaya netiweki ngati WiFi. Koma pamene anthu atatu kapena khumi akugawana makina amodzi, USB imatanthauza kunyamula laputopu kapena kuyendetsa fulashi, ndipo tabwereranso ku mavairasi ndi mapepala a mayeso otsala m'makompyuta a eni. Wina anenanso kuti sukulu zambiri za CDSS zilibe n'komwe magetsi, ndiye nkhani ya rauta ndi ya anthu okhuta. Ndi zoona kuti ambiri alibe. Koma kumene ndalama zili zochepa ndi kumene kugawana kuli kofunika kwambiri. Sukulu yosauka singagule pulinta ya dipatimenti iliyonse, ndiponso singakwanitse kutumiza munthu ku tauni nthawi zonse makina akati "Offline".

Chomwe ndikupempha n'chaching'ono. Pa sukulu iliyonse yomwe ili ndi pulinta, aphunzitsi awiri adziwe kusindikiza tsamba la netiweki, kulowa mu rauta, ndi kufufuta ntchito zodikira. Adiresi ya pulinta ilembedwe pa kapepala n'kumatidwa pa makinawo. Pasiwedi ya rauta ija inabwera nayo kuchokera ku sitolo isinthidwe, ndipo ya WiFi isaperekedwe kwa aliyense, pakuti amene ali pa netiweki yanu athanso kupulinta ndi toner yanu. Ndipo amene mumaphunzitsa makompyuta, tengani phunziro limodzi lokha pa teremu, sokonezani dala adiresi, muwasiye ana afufuze okha. Ine ndinayesa ndi kagulu ka ana a Fomu 4. Anakangana, anasochera, koma belu lisanalire mtsikana wina anapeza vutolo, ndipo chisangalalo chake sindidzaiwala.

Za aphunzitsi anandiimbira foni aja, ndinawatsogolera pa foni pomwepo. Anasindikiza tsamba lija, anandiwerengera manambala, ndipo nambala yomaliza inali yosiyana ndi ya mu kompyuta. Ulendo wa ku Blantyre unathera pomwepo. Dzulo anditumizira thumba la mbatata ya kachewere, ndiye mayi a kunyumba akuti ndizipitiriza ntchito imeneyi.

 Tikumanenso mayeso akatha.