Bwana akakubera malipiro, amamulipitsa ndani?

Anzanga a pa Songani, amene mumagulitsa m'mashopu, kulondera usiku kapena kugaya pa chigayo, ambiri mwa inu mulibe kalata ya ntchito. Munagwirizana pakamwa basi. Tsiku lina bwana amangoti "mawa usabwerenso", nkhani yatha. Koma pa lamulo sinathe ayi.

Employment Act ya 2000 imati munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza. Kukhothi, woti afotokoze chifukwacho ndi bwana, osati iwe. Ukachotsedwa mopanda chilungamo uli ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya leba, kwathu kuno ndi ku Zomba. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khothi loona milandu ya pa ntchito. Miyezi itatuyo musaiiwale, chifukwa ambiri amaithera kuyembekeza kuti bwana "aziganiza bwino".

Tsono vuto langa lili apa. Ukawina, khothi limalamula kuti upatsidwe zako ndi chipukuta misozi. Kwa amene wagwira zaka zosaposa zisanu, chipukuta misozicho chimayambira pa malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse. Tawerengani nokha. Mu 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 pa mwezi. Pa malipiro a 2024 amenewo, wogwira zaka ziwiri poyambira pake sipankakwana n'komwe K50,000. Chotsapo thiransipoti ya Songani–Zomba kangapo, mwina mpaka Blantyre, ndi masiku amene sunagwire ganyu. Bwana masamu amenewa amawadziwa bwino kuposa iwe, aise. Akabera anthu khumi, wodandaula amakhala mmodzi, ndiye amabweza za mmodziyo, phindu lake osakhudzidwa.

Kulipira munthu ndalama zosafika pa mlingo wa boma ndi mlandu ndithu, koma kuti bwana alipitsidwe chindapusa zimadalira boma kumuzenga, osati wantchito.

Ku California, m'dziko la America, anaona kuti oyendera malo a ntchito ndi ochepa, ndiye kuyambira 2004 ali ndi lamulo lotchedwa PAGA. Wantchito mmodzi atha kusumira bwana m'malo mwa boma, kufuna chindapusa pa zolakwa zimene zachitikira iye ndi anzake omwe. Poyamba boma linkatenga 75 peresenti, antchito 25. Mu 2024 anasintha kukhala 65 ndi 35. Mabwana kumeneko amadandaula kuti odyerapo kwambiri ndi maloya, ndipo mfundo yawoyo si yabodza yonse. Komabe kuba malipiro kumakhala kodula.

Kuno chomwe chinagwedezapo makampani akulu ndi kusumira pagulu. Mu 2021 kampani ya Camellia, mwini wa Eastern Produce Malawi, inavomera kulipira mapaundi 2.3 miliyoni pa mlandu wa amayi 36 a m'minda ya tiyi amene anadandaula za nkhanza zogonana pa ntchito, ngakhale sinavomere kulakwa. Mlanduwo unali ku London, poti kampaniyo ndi ya ku Britain. Wa chigayo cha pa Songani alibe likulu ku London, eti?

Ine ndikuona kuti aphungu athu aganizire zopatsa wantchito mphamvu yofuna chindapusa, ngakhale gawo lalikulu lizipita ku boma. Podikira zimenezo, lembani tsiku limene munayamba ntchito, sungani mameseji a Airtel Money kapena Mpamba ndi a WhatsApp ochokera kwa bwana, ndipo popita ku leba mutengane onse amene mwaberedwa, osapita wekhawekha.