Za Njinga: Yambani mwawerenga mabowo

Anzanga a pamsika, njinga za kaunjika zija za mabuleki a chimbale zachuluka, ndipo opikula mbatatesi ku Bembeke ndi ku Chimbiya azikonda zedi. Sindikuwanena ayi. Munthu wotsika Khwekhwelere kulunjika ku Golomoti, matumba awiri ali pakaliyala, amafuna buleki yogwira ngakhale kugwe mvula.

Koma chimbale chikapindika kapena kutha, musangotola chilichonse pabenchi. Mahabu alipo mitundu iwiri. Ena ali ndi mabowo 6 a mabawuti. Ena, a Center Lock amene anayambitsa a Shimano, ali ndi timano ting'onoting'ono: chimbale chimangolowa n'kumangidwa ndi lingi imodzi basi. Chimbale cha mabowo 6 chimatheka pa habu ya timano mukapeza adaputa yake. Koma cha timano pa habu ya mabowo sichilowa, ndalama yalowa m'madzi.

Muonenso kukula kwake, 160, 180 kapena 203 mm, kawirikawiri amalemba pachimbale pomwepo. Mukasintha saizi koma osasintha kachitsulo kokhalapo buleki, mapadi aziluma m'mphepete mokha, mwinanso gudumu osalowa n'komwe.

Chondinyansa ine ndi amisiri ena aja oti "bwana, tingowotcherera." Kuwotcherera eti? Mahabu ambiri ndi a aluminiyamu, chimbale n'chachitsulo, ziwirizi sizigwirana. Zikalekanirana pamtsetse.

Inu ogulitsa masipeyala, kasitomala akabwera chimanjamanja, mubwezeni akatenge gudumulo, muyesere iye akuona, ndiye alipire.